Wailesi Yosalankhula ya a Chikadza

Kalekale, koma osati kale la makolo ovala nyanda, kale la dzanadzanali pamene magalimoto akale ochokera ku Japan anayamba kudzaza misewu yathu, pa Mponela pankakhala bambo wina dzina lawo a Chikadza. Anali ndi pikapu yonyamulira mtedza ndi soya wa anthu kupita naye kumsika, ndipo banja lonse linkadyera pa matayala anayi amenewo. Anali ndi mwana wamkazi, Elube, yemwe anali ndi kamwana kokwawa dzina lake Mwatitha. Analinso ndi ana aamuna atatu: Lameki, Fakisoni ndi Gelesomu. Akulu anati m'mimba ndi m'chipala, koma chipala cha kwa a Chikadza chinasula makasu atatu osalima ngakhale mzere umodzi. Madoda a ndevu zawo, ntchito kudikira mbale.

Pikapuyo inabwera ndi wailesi ya sikirini, ija ya zilembo za Chijapani, yoonetsa mapu a dziko la eni ake. Iwe uli pa Mponela, iyo ikulimbikira kuti uli pakati pa nyanja. A Chikadza sikiriniyo sankaiyang'ana n'komwe. Iwo chawo chinali mawu. Wailesiyo inkagwira siteshoni imodzi yokha, ndipo ankaikweza mpaka pamapeto kuti asaphonye mauthenga a maliro. Khosi lawo linali louma chifukwa cha ngozi ina yakale, silinkatembenuka, choncho pobwerera m'mbuyo kuti atuluke pabwalo ankangodalira chizolowezi. Ukawachenjeza ankayankha kuti, "Bwaloli ndinalambula ndekha, lingandisocheretse?"

Woyamba kuyabwa manja anali Lameki, wamkulu, katswiri wa pakamwa. Iyeyu ankafuna aziba pikapu, n'kukaiimika kuseri kwa masitolo, n'kumaonetsa atsikana mafilimu pa sikirini ija ngati bwana wa kanema. Vuto linali loti wailesiyo inalibe polowetsera chithunzi chochokera kunja. Anakanda foni mpaka chala kutupa, ndipo anapeza kuti m'kati mwa wailesi, pa kabodi kobiriwira kodzaza ndi tinjira ta mkuwa, pali timadontho tiwiri pamene munthu angawotcherere mawaya a soketi yachikasu, chithunzi n'kumalowa. Tsiku lina bambo ake atapita kumaliro wapansi, anazula wailesi, naimasula, nayala matumbo ake pamphasa. Koma mwambo wa maliro unatha msanga. A Chikadza anangotulukira, n'kuima pamutu pake.

"Wailesi yanga yakulakwira chiyani?"

Lameki sanaphethire n'komwe. "Ababa, ndimaganizira khosi lanu. Ndikufuna tikuikireni kamera kumbuyo, kuti pobwerera muziona pa sikirinipa."

Bodza lophika pomwepo, lotentha. A Chikadza anati, "Chabwino. Kamerayo ndiione. Ndipo wailesi ibwerere m'malo mwake ikulankhula."

Mafilimu a Lameki anathera pomwepo. Timadontho tija analoza ndi kamtengo ka machesi, koma zogwira chitsulo chotentha anakana, ati zala zake n'zofewa.

Ndiye anaitana Fakisoni, wachiwiri, amene ankadzitcha injiniya chifukwa anakhalako pa benchi ya wokonza mafoni asanamuthamangitse. Magetsi anali atathima. Munthu wamutu wake akanadikira kuti ayake, agwiritse kachitsulo kowotcherera ka nsonga yosongoka. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma Fakisoni kukhosi kunali kutauma, anzake akumudikira kumowa. Anatola chimsomali chokhomera denga, nachiika pa mbaula mpaka chinafiira, nachigwira ndi pulayala. Tangoganizani, chimsomali cha denga pa tinjira topyapyala ngati tsitsi. Waya woyamba anagwira. Wachiwiri anagwiranso, mwayi wa chitsiru. Koma dontho la mtovu wosungunuka linapulumuka pa nsonga ya msomali n'kugwera mbali imene imatulutsa mawu, kautsi n'kuti tolotolo. Fungo la pulasitiki wopserera linakafika mpaka kukhitchini.

"Chikupsa n'chiyani kumeneko?" anafunsa Elube.

"Ndi mmene imanunkhira ntchito yaukadaulo, mlongo. Zimenezi si zanu."

Anatseka chivundikiro msangamsanga, namanga timabawuti, ulendo wa kumowa.

Kamera inagwera Gelesomu, wamng'ono, waulesi woti ntchentche ikamutera pamphuno amadikira mphepo imuingitsire. Anakaipempha kwa mnzake wa pagalaja, yochotsa pa galimoto yakufa. Ntchito yake inali kuboola chitsulo cha kumbuyo, kumanga kamera ndi mabawuti kuti iziyang'ana kutali, ndi kudutsitsa waya kunsi mpaka kukafika pa soketi yachikasu ija. Wayayo anadutsitsadi, akubuula ngati wasenza nyumba. Zoboola zinamukulira. Anadula mphira wa chubu cha njinga, namangirira kamera pa bampala monga amangira nkhuku pa keliyala. Dzuwa litaomba mphira unafewa, kamera n'kuzolika.

Atayatsa galimoto, chithunzi chinabweradi. Nyanja ya ku Japan inachoka. M'malo mwake munabwera dothi, dothi la kunsi kwa bampala kwenikweni, zitosi za nkhuku ndi makoko a mtedza. Mawu, zii. A Chikadza anapotokola, anamenya, anaitukwana, koma wailesi inangoti duu.

"Mwandiphera wailesi kuti ndizionera zitosi?"

Lameki anati iye anangoloza chabe. Fakisoni anati vuto ndi la Ajapani. Gelesomu anali atagona. Patangopita masiku ochepa a Chikadza anaphonya maliro a mnzawo amene ankaweta naye mbuzi ali ana, chifukwa uthenga unadutsa pa wailesi yosalankhula, ndipo anamva atamuika kale. Zinawapweteka kwambiri, moti kuyambira pamenepo akalowa m'galimoto sankayamba ulendo asanaipatse wailesiyo khofi ndi mawu ake oyenera.

M'mawa wina matumba atapakidwa, a Chikadza analowa, naliza injini, nalowetsa giya yobwerera. Kale apa m'pamene ankakweza mauthenga a maliro, maso kutsogolo, galimoto n'kumapita m'mbuyo mwachizolowezi. Tsiku limenelo anali kalikiliki kumenya wailesi, akuiuza za ana amene anabereka, maso ali pa sikirini. Galimoto inayamba kusuntha. Pakati pa zitosi ndi makoko panalowa kadzanja, kenako kamutu. Mwatitha anali atakwawa kuchoka pakhonde amayi ake akuyanika zovala, n'kukakhala kunsi kwa bampala kumatola mtedza wogwa m'matumba. Kamera yoongoka ikanaonetsa mpanda ndi msewu, kamwanako sikakanaoneka. A Chikadza anaponda buleki ndi mphamvu zawo zonse. Tayala linaima litapana nsonga ya kadiresi.

Elube anachita kung'amba kadiresiko kuti atulutse mwana wake. Mwatitha analira, koma ankalirira mtedza wake umene unatayika. A Chikadza anatsika, nakhala pansi padothi pomwepo. Anthu oyandikana nawo anadzaza pabwalo. A Chikadza anaponya makiyi pamphasa.

"Ine chiwongolero ndasiya lero. Khosi ili likanandiphetsa mdzukulu. Mwa inu atatu, amene wapulumutsa mwanayu atenge makiyiwa, azidyetsa banja."

Apa ndiye muone manyazi. Ana awo aja ankaikana ntchito ija ngati mimba ya pathengo anaimirira onse nthawi imodzi, ndi Gelesomu yemwe. Palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa ngati mwana wavulala.

"Nzeru inali yanga," anatero Lameki, akukonza kolala. "Popanda ine bwenzi sikirini ija ikuonetsabe nyanja. Malo owotcherera ndinawapeza ndine, ndipo za kamera ndinatchula ndine."

"Kuloza ndi kamtengo ndi ntchito, achimwene?" anatero Fakisoni, fungo la dzulo likadali m'kamwa. "Mawaya ndinalumikiza ndine, magetsi kulibe. Ndiponso ndikanapanda kutseka mawu, ababa akanayang'ana pa sikirini?" Ati kutseka, ngati kuti anachita kukonza dala.

Gelesomu anayasamula kaye. "Kamera ikanakhala yoongoka, ababa akanaona mpanda. Ine ndinadziwa kuti ana amakwawa pansi."

Elube, mwana ali pachifuwa, anawayang'ana mmodzimmodzi, nalavula malovu pambali.

"Wabodza, wowononga ndi waulesi. Mwana wanga wapulumukira m'manja mwa anthu amenewa, ababa?"

Ndipo chimene chimandinyansa ine pa nkhani imeneyi n'chakuti tsiku limenelo palibe ananama pa mfundo yake, ngakhale Lameki amene. Chotsanipo bodza la woyamba, kamera palibe. Chotsanipo dontho la mtovu la wachiwiri, maso a nkhalamba sali pa sikirini. Chotsanipo ulesi wa wachitatu, sikirini ikuonetsa mpanda, Elube akulira maliro. Paja amati wamisala anaona nkhondo, koma kwa a Chikadza amisalawo anachita kubwera atatu.

Musandiuze zoti makiyi apite kwa Elube. Iye kuyendetsa sadziwa, komanso mawu a bambo atuluka kale pamaso pa anthu, sangawameze. Musandiuzenso zogawana, chiwongolero n'chimodzi. Mukapatsa Lameki, pikapu izikakhala kuseri kwa masitolo. Mukapatsa Fakisoni, muzikaipeza kumowa. Mukapatsa Gelesomu, mtedza wa anthu umera m'matumba galimoto isanatuluke pabwalo. Komatu mmodzi ayenera kutenga, apo ayi Mwatitha amene wapulumuka ku tayala lero agona ndi njala mawa.

Matumba ali m'galimoto, msika ukudikira, makiyi ali pamphasa. Inu amene mwakhala apa mukuseka ana a eni, tandiuzani: makiyiwa atole ndani, wabodza, wowononga, kapena waulesi?