Njuchi Zazimuna za Shehe Rajabu

Che Saukila anafika kwa Shehe Rajabu itangotha swala, pemphero la masana, mkanjo uli mbee, nkhope ili ndwii. Kuchikamwini kwawo ku Namwera anali atawaikira katundu panja, ndipo ankafuna Shehe akawalankhulire kuti banja lisathe. Anawapeza kuseri kwa madrasa, atanjuta pafupi ndi mng'oma wawo wa njuchi.

Atapatsana salamu, mlendoyo sanadikire n'komwe mpando.

"A Shehe, ndiweruzeni. Kodi mwamuna si mutu wa banja? Lero mkazi wanga Asiyatu wandipirikitsa, alongo ake akungoyang'ana."

"Pepani, Che Saukila. Chinachitika n'chiyani?"

Nkhaniyo inali itamveka kale ponseponse. Anyani anali atavuta kumunda, ndipo wolondera chimanga anali Asiyatu, ndi mimba yake ya miyezi isanu. Tsiku lina akuthamangitsa anyaniwo anagwera m'chigwembe, n'kupita padera. Uthenga unawapeza Che Saukila pa bawo, pamene kunena zoona panalibe wowaposa m'mudzi monsemo.

"Chinali chifuniro cha Allah," anatero Che Saukila motsitsa mawu. "Ine ndikanatani?"

"Ine zambiri sindidziwa," anayankha Shehe. "Tasenderani muone izi."

Pansi pa mng'omawo panali njuchi zambiri, zina zitafa, zina zikukwawa m'fumbi, nyerere zitayamba kale kuzikoka.

"Zonsezi n'zazimuna. Onani kukula matupi, ndipo zikamauluka palibe zoziposa phokoso. Koma mbola zilibe. Chiuli chikabwera kudzaswa mng'oma zimatuluka ndi zazikazi, ndipo imene yaluma imafera pomwepo. Izi zimangodya mkatimo. Maluwa akatha, zazikazi zimazikokera panja."

Che Saukila anayang'ana kanjuchi kamodzi kakuyesa kukwera kubwerera pakhomo, njuchi yolondera pamenepo n'kukagwetsanso. Manyazi anawagwira, ndipo monga amachitira anthu onyada, anawasandutsa mkwiyo.

"Ndiye mukuti ine ndine kachilombo, a Shehe?"

Shehe anapukusa mutu mwachisoni.

"Ayi, bambo. Kachilomboka ndimakamvera chifundo. Mlengi sanakapatse mbola, choncho sadzakafunsa chifukwa chimene sikanatetezere mng'oma. Inuyo anakupatsani manja awiri. Kwa Asiyatu ndipita nanu, koma osati kukapempha malo anu. Tikalire naye mwana uja, amene chifikireni pano simunamutchule."