Mawu a Golide a Bambo Evaristo

Mumzinda wonse wa Mérida munalibe munthu wa pakamwa polemera ngati bambo Evaristo Canché. Chimwalirireni akazi awo, mayi Amparo, mawu awo anali ngati mvula ya m'chilimwe: akagwa awiri, anthu ankatuluka kudzaona. Koma chuma chawo chinali pakamwa pomwepo. Iwo, mlamu wawo Nicanor, ndi mkulu wina wogontha khutu limodzi anali ndi gulu la magitala atatu, ndipo ntchito yawo inali yokayimba pansi pa zenera la mkazi m'malo mwa mwamuna amene wawatuma. Magulu otere analipo ambiri pabwalo la mzinda, ena oyimba bwino kuposa iwo. Koma mwamuna wofuna kuti nyimbo ikafike pa zenera limene si la mkazi wake ankapita kwa a Evaristo, podziwa kuti nkhani ikalowa mmenemo yalowa m'manda.

Kale zonse ankazisunga m'mutu. Mutu utayamba kudontha, tsiku lina anakayimba nyimbo ya chikondi pa zenera la msilikali wopuma ntchito, nabwerako chothamanga, magitala ali kumutu. Apo mpamene mwana wawo Ofelia, yemwe ankagwira ntchito mu ofesi ya mabasi, anawagulira kompyuta. Zonse zinalowa mmenemo ndi kusungidwa pa intaneti: dzina la wotuma, foni yake, zenera lokayimbapo, foni ya mwini zenera, nyimbo yake, ngakhale ukali wa galu wa pakhomopo.

"Bambo, tcherani khutu," anatero Ofelia. "Zitseko zilipo ziwiri. Choyamba ndi mawu achinsinsi. Chachiwiri ndi nambala imene izibwera pa foni yanu mukafuna kulowa. Ziwirizi musauze munthu, ngakhale atayimba bishopu."

"Hm."

"Hm ameneyo ndiye kuti mwamva?"

"Wakuba alowera pati?"

"Pa intaneti, bambo."

A Evaristo anaizungulira kompyutayo, kutsogolo ndi kumbuyo, khomo osaliona. M'mawa mwake anapita kumsika nakagula tcheni chomangira njinga yamoto ndi loko wamkulu ngati chibakera. Kompyuta anaitsekera m'kabati ya malemu akazi awo, kabati n'kuikulunga tcheni, kiyi n'kumupachika m'khosi. Ofelia atawauza kuti kuli maphunziro aulere a eni mabizinesi ang'onoang'ono, onena za momwe akuba a pa intaneti amanyengerera anthu, iwo anangogwedeza kiyi uja.

"Wondinyenga ayambe wandilankhulitsa," anatero, n'kutseka nkhani.

Komatu nyumba iliyonse ili ndi pamene pamadontha. M'gulu lija woyimba pamwamba anali Nicanor. A Evaristo ankangothira mawu a pansi, bu bu bu, ngati ng'oma yonyowa. Munthu yekhayo amene anawauzapo kuti amayimba bwino anali mayi Amparo, ndipo iwowo anapita nawo mawuwo kumanda.

"Mlamu, mawu anuwo ndi a chule wa m'chitsime," ankatero Nicanor. "Mlongo wanga uja anali ndi chifundo chambiri, makutu ndiwo analibe."

A Evaristo ankazimva, n'kuzisunga mumtima.

Masana ena, dzuwa likuswa miyala, iwo ali gone m'machira, foni inalira. Anali mawu a mzimayi, oterera ngati uchi.

"Kodi ndikulankhula ndi katswiri uja, bambo Evaristo Canché?"

"Hm."

"Ndine Azucena. Ndikuyimba kuchokera kutsidya kwa nyanja, ku bungwe lolemekeza oyimba akale. Tamvera nyimbo za gulu lanu. Woyimba pamwambayo, pepani kunena, ndi phokoso chabe. Koma pansi pake pali mawu ena, akuya, ozizira bwino, ngati mtsinje woyenda pansi pa nthaka. Oweruza athu analira misozi. Ndi a ndani mawu amenewo?"

A Evaristo anadzuka mwamphamvu mpaka machira anawagwetsa. Ali pansi pomwepo, anayankha kuti, "Ndi anga."

Masana amenewo analankhula kuposa momwe analankhulira chiikireni maliro. Anafotokoza za gitala wawo woyamba, za chifuwa chawo, za nsanje ya Nicanor. Mayi Azucena ankangoti, "Aa, zoona? Pitirizani, bambo." Anayimbanso mawa lake, ndi mkuja wake. Anati a Evaristo asankhidwa kulandira Mphoto ya Mawu a Golide, ndege ibwera kudzawatenga, koma asauze aliyense, ngakhale mwana wawo, poti nsanje imayambira m'nyumba.

A Evaristo anagula malaya oyera atsopano. Anagulanso mankhwala odetsa tsitsi napaka masharubu awo, omwe anali atayera kalekale, mpaka anada bii.

"Mlamu, khalani chete, musagwedezeke," anatero Nicanor atawaona. "Khoswe wafera pansi pa mphuno yanu."

"Udzaona."

"Ndidzaona chiyani? Mwapeza mayi? Mlongo wanga akumva kumeneko, mudziwe!"

A Evaristo anangomwetulira, chinthu chimene chinamuopsa Nicanor kuposa masharubu aja.

Kenako mayi Azucena anabwera ndi kavuto kakang'ono. Oweruza ankafuna umboni woti gululo limagwiradi ntchito, poti ena amanama. Anangofuna kusuzumira pang'ono pamene amasungira za makasitomala, basi.

"Mungotiuza mawu achinsinsi aja, bambo. Tingoona n'kutseka."

A Evaristo anakumbukira za Ofelia ndi bishopu wake. Anapita pa kabati, nakoka tcheni. Chinali gwa. Anagwira loko, anali chitsekere. Kiyi anali m'khosi. Munthu ali kutsidya kwa nyanja, kompyuta ili m'kabati, angabe chiyani? Anatchula mawuwo, omwe anali dzina la akazi awo ndi chaka cha ukwati wawo. Posakhalitsa foni inanjenjemera, nambala ija yafika.

"Pano alemba kuti ndisauze munthu," anatero.

Mayiyo anaseka kaphwete kokoma. "Amenewo akunena akuba, bambo. Ineyo ndikumveka ngati wakuba?"

Sankamveka ngati wakuba. A Evaristo anakonza kukhosi, nawerenga nambalayo pang'onopang'ono, ndi mawu a pansi penipeni, motsala pang'ono kuyimba.

"Mayo ine," anatero mayi Azucena, "ngakhale manambala mumawatchula mokoma!"

Foni inaduka. Sinalirenso.

M'mawa mwake atatsegula kabati, kompyuta inakana kuwadziwa. M'malo mwa mayina a makasitomala munali uthenga umodzi: alipire ndalama zoti ngakhale atagulitsa nyumba ndi magitala sizingakwane, apo ayi zonse zimwazidwa pa Sabata. Ofelia anafika thukuta lili kamukamu.

"Mwauza ndani?"

"Loko ali bwinobwino."

"Sindikufunsa za loko. Mwauza ndani, bambo?"

"Mayi wina."

"Mayi wake uti?"

"Wa makutu abwino."

Ofelia anayang'ana masharubu aja, nayang'ana malaya atsopano atapachikidwa pakhoma, namvetsa zonse. Anakanena kupolisi. Kumeneko anamuuza kuti asalipire, poti wakuba ukamudyetsa amabweranso ndi mbale yaikulu. Atabwerako anawachonderera bambo ake kuti ayendere makasitomala onse amene akuwakumbukira, awachenjeze moto usanafike.

"Ayi," anatero a Evaristo. "Sangachite zimenezo. Ndi mayi waulemu."

Pa Sabata, misa itangotha, anthu akutsika masitepe a tchalitchi, mafoni anayamba kulira ngati nkhululu. Akuba aja anatumiza zonse kwa onse, otuma ndi otumiridwa omwe. Aliyense anaweramira kaye pa foni yake. Kenako mzinda unaphulika.

Woyamba kufika pakhomo la a Evaristo anali Hilario Poot, wogulitsa nyama ya nkhumba kumsika, nsapato imodzi itatsala m'njira.

"Bambo Evaristo, ndibiseni! Mwandipha, ndiye mundiikenso m'manda!"

Kumbuyo kwake kunali mkazi wake, mayi Casilda, ambulera ili m'mwamba. Kumbuyo kwa mayi Casilda kunali azimayi ena atatu, eni mazenera amene Hilario ankatumizako nyimbo. Atatuwo sichinawapweteke kuti bamboyo ndi wokwatira, zimenezo ankadziwa kale. Chinawapweteka n'chakuti onse anawatumizira nyimbo imodzimodzi, ndipo aliyense anauzidwa kuti yapekedwera iye.

"Ngakhale kusintha vesi, galu iwe!" anakuwa mmodzi.

"Inu bola munamva nyimbo," anatero mayi Casilda. "Ine zaka zonsezi ndimangomva mkonono wake!"

Hilario analowa pansi pa tebulo. Ambulera inamupeza komweko. Nicanor, yemwe anabwera kudzaonerera, anakhala pampando n'kumakometsa ndi gitala.

Tsiku lonse anthu ankabwera, ena kudzatukwana, ena kudzafunsa ngati Rosa wotchulidwayo ndi Rosa wawo. A Evaristo anaima pakhomo ngati mtengo, zonse n'kumawadutsa. Koma chakumadzulo, phokoso litazilala, kunabwera mayi Rufina, wamasiye wosoka madiresi. Kwa zaka zambiri gulu lija linkayimba pa zenera lawo tsiku lawo lobadwa, ndipo msewu wonse unkadziwa kuti pali bambo wina wolemera, wamanyazi, amene amawakonda mobisa. Tsopano msewu wonse unadziwa kuti wotuma nyimbozo anali mayi Rufina eni ake.

Sanakuwe. Sanabwere ndi ambulera.

"Bambo Evaristo," anatero, "magulu oyimba bwino alipo. Ine ndinabwera kwa inu chifukwa simulankhula."

A Evaristo anazyolika ndi manyazi. Kanali koyamba kuti kukhala chete kwawo kukhale kopanda mtengo. Mayiyo anatembenuka n'kumapita.

Sabata yotsatira mu Mérida munayimbidwa nyimbo zopepesa kuposa chaka china chilichonse. Mwamuna aliyense wogwidwa ankafuna magitala pansi pa zenera la mkazi wake weniweni. Ntchito inali mbwee, koma palibe ndi mmodzi yemwe anagogoda kwa a Evaristo. Magulu ena ankayimba mpaka zala kutupa, ndipo podutsa pakhomo pawo ankavula zipewa mothokoza.

"Taonani, mlamu, tadyetsa mzinda wonse," anatero Nicanor. "Nanga ndege ija itera pati, padenga kapena kuseri kwa khitchini? Ndikufuna ndikuperekezeni."

"Tseka pakamwa."

"Ine? Langizo limenelo mwachedwa nalo, ndipo mwalipereka kwa munthu wolakwika."

Ofelia anayambiranso zonse. Mawu achinsinsi anasintha, nambala ija inayamba kubwera pa foni yake, ndipo mayina a eni mazenera anati azifufutidwa nyimbo ikangoyimbidwa. A Evaristo anapita ku maphunziro aja, nakhala mpando wa kutsogolo, masharubu ali oyera kumizu, akuda kunsonga. Mphunzitsi atafunsa ngati alipo amene akudziwa momwe wakuba wa pa intaneti amamvekera, iwo anakweza dzanja.

"Amamveka bwino kwambiri," anatero, n'kutsitsa dzanja.

Panatsala chinthu chimodzi. Loweruka masana, anthu onse akuona, anavala malaya atsopano aja, natenga gitala, napita okha pa zenera la mayi Rufina. Panalibe mawu a Nicanor oti abisalemo. Anayimba nyimbo yonse ndi mawu awo a chule wa m'chitsime, agalu a mumsewu akuthandizira, oyandikana nawo ali m'makomo. Atamaliza anakweza mawu kuti msewu wonse umve.

"Iyi palibe wanditumiza. Ndabwera ndekha."

Zenera linakhala chitsekere kwa kanthawi. Kenako linatseguka pang'ono.

"Bambo Evaristo," anatero mayi Rufina, "chibadwireni sindinamve mawu oipa ngati amenewa."

"Hm."

"Mukudziwa ina?"

A Evaristo anakonza zingwe za gitala, mtima uli m'malo kwa nthawi yoyamba chiyambireni zonsezi. Uyu ndiye sakufuna kundibera, anaganiza motero, n'kuyamba yachiwiri.

Tcheni chija chikadali pa kabati mpaka lero, poti munthu wa khosi louma sasiya zonse tsiku limodzi. Koma foni ikalira, wina n'kuyamba kuwatcha katswiri, a Evaristo amaidula asanamalize kupereka moni. Wakuba sanathyole loko, sanaboole khoma. Anangomukanda mwini nyumba pamene pankamuyabwa, mwini nyumba n'kutsegula yekha, akumwetulira. Paja akulu anati mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.