Mkaka Umene Unakana Kusasa

Ku Bvumbwe kunali mayi wina, dzina lake Nasoko, amene anali ndi ng'ombe imodzi yamkaka. M'mawa uliwonse ankasenza chigubu kupita ku gulu la alimi, kumene mabanja makumi anayi ankathira mkaka wawo m'thanki imodzi.

Tsiku lina ng'ombe ija inatupa bere. Alangizi a ziweto anaibaya jakisoni, nati, "Mayi, masiku asanu mkakawu muzitaya. Mukakathira ku gulu, muononga wa anzanu onse, ndipo mankhwalawa akalowa m'mimba mwa ana a eni."

Nasoko anavomera ndi pakamwa pokha. Anthufe timadziwana, "inde" wathu sachedwa. Tsiku lachiwiri kutayako kunamupweteka mtima. Anapatula mkaka wina mumphika, nathiramo kachambiko kakale monga ankachitira kuyambira pautsikana, navundikira.

Pofika tsiku lachinayi ng'ombe inali gwa, ikudya nsenjere ngati sinadwalepo. Mkaka unatuluka woyera mbee, thovu pamwamba. Anaununkhiza, anauyang'ana padzuwa. "Mankhwala akewo ali pati?" anatero. Anadzaza chigubu, napinda nkhata, kukonzekera ulendo wa ku gulu.

Asananyamuke anati alaweko chambiko chake. Atavundukula mphika anangoti kakasi. Mkaka uja sunasase, sunagwirane, unali madzimadzi ngati waukama kumene. Masiku awiri athunthu, m'kutentha kwa Okutobala!

Anakhala pansi. Kasingano kamodzi kokha! Mankhwala ake anayenda m'magazi, anatsikira m'bere, anafika mpaka mumphika wake, ndipo anali akugwirabe ntchito mmenemo, akupha tizilombo tosasitsa mkaka, diso lisakuona kanthu.

"Mayo ine," ananong'ona, "ndikanawamwetsa chiyani ana a anthu?"

Ananyamula chigubu chija nakakhuthula mkaka wonse m'dzenje kuseri kwa khola, akulira.

Abale anga, chinthu chikapanda kuoneka si ndiye kuti palibe. Tchimo lobisika silinunkha, silisintha nkhope ya munthu. Umalowa nalo m'tchalitchi utatchena bwinobwino, koma ilo likugwira ntchito mwakachetechete, likupha zabwino zimene zikanakula mwa iwe, ndipo ana ako akumwa zomwezo. Mulungu amene amadziwa za m'kati mwa dontho la mkaka sangalephere kuona za mumtima mwako. Likhuthule pamaso pake lero lomwe, ngakhale kukhuthulako kukulize.