Zala Zofewa

Ku Ntcheu kunali mtsikana wina amene ankaimba nyimbo za chamba cha kantire, zija zoyenda pang'onopang'ono ndi gitala, zokamba za kwathu ndi za anthu amene anapita osabwerera. Anamuphunzitsa ndi amalume ake, bambo osaona. Iwo anali ndi kapatsidwe kawokawo ka moni: ankagwira dzanja lake lamanzere n'kumasisita nsonga za zala. Zikakhala zolimba ndi nsambo, ankati, "Eya, Nankhoma, sabata ino gitala sinagone ndi njala."

Mtsikanayo anapita ku Lilongwe, ndipo dzina lake linayamba kumveka. Anajambula nyimbo, wailesi n'kuyamba kuziika. Anagula chipewa chachikulu ndi nsapato za jombo. Loweruka lililonse ankaimba m'mahotela, nthawi zina mawu mpaka kusasa.

Tsiku lina mkulu wokonza zoimbaimba anamuitanira pambali. "Achemwali, mukudzivutitsiranji? Tiziika nyimbo yojambula ija kumbuyoku, inu muzingoyendetsa milomo. Anthu amabwera kudzaona chipewa."

Anakana poyamba. Koma sabata ina anadwala chimfine, n'kuvomera kuti achite kamodzi kokha. Anthu anawomba m'manja kuposa kale, ndipo panalibe amene anazindikira. Chimfine chinatha, koma chizolowezi chinakhala. Gitala ankaikolekabe pakhosi, zala zikungoyandama pamwamba pa nsambo.

Amalume aja ankamumva pa wailesi kumudzi, ndipo mtima unawakoka. Anagwidwa dzanja ndi mnansi wawo, anakwera minibasi, n'kufika pa bwalo la hotela masana ena a Loweruka. Mtsikanayo anawaona ali pa siteji: atakhala pa mpando wa kutsogolo, ndodo ili pakati pa miyendo, khutu atalozetsa kwa iye. Akanatha kukweza dzanja kuti azimitse makina a nyimbo yojambula ija, iye aimbe yekha. Koma anali atatha miyezi osayeserera, ndipo anaopa kuti mawu amuthawa anthu onse akuona. Anadziuza kuti amalume saona, sangadziwe. Nyimbo inayamba, iye n'kuyendetsa milomo.

Atamaliza anatsika n'kugwada pafupi nawo. Iwo anafufuza dzanja lamanzere lija, nasisita nsonga za zala. Zinali zofewa ngati za khanda. Anazigwira nthawi yaitali.

"Mwamva bwanji, malume?"

"Ndamva bwino, Nankhoma. Mpaka popumira pake ndi pomwe paja pa wailesi." Anamwetulira pang'ono. "Wa pa wailesiyo ndili naye kunyumba. Ine ndimati ndidzamve iweyo, ngakhale utaphonya."

Sanamukalipire. Anangopempha kuti akapeza mpata akawaimbire pakhonde, monga kale. Iye analonjeza. Koma ankafuna kuti zala ziyambe zalimba, kuti asakachite manyazi akakamugwira dzanja. Mwezi unatha, wina n'kutha. Zala zisanalimbe, kunabwera uthenga wakuti amalume atisiya.

Pa maliropo anamupempha kuti aimbe. Kunalibe magetsi, kunalibe makina. Anatenga gitala yakale ya malemuyo. Nsambo zinamucheka, mawu ananjenjemera, ndime yachiwiri anaiyamba kawiri. Amayi okhala pafupi ndi bokosi analira, nati sanamvepo nyimbo yotere. Iye anaimba mpaka kumapeto akuyang'ana pansi, chifukwa munthu amene ankafuna kumva kuphonya kumeneku anali atagona m'bokosimo.

Abale ndi alongo, ambirife tili ndi pemphero lojambula kale. Tinalipemphera ndi mtima wonse tsiku lina, kalekale, mwina tili pa mavuto. Kuyambira pamenepo timangoliika, milomo n'kumayenda, maganizo ali ku msika. Anzathu a mu mpingo sadziwa kanthu. Amaona chipewa, amati ndife opemphera.

Koma Mulungu sabwera kudzaona chipewa. Amagwira zala. Pemphero losalala lija analimva kale, ndipo chimene akudikira ndi mawu anu a lero, osasa, oduka pakati, obwereza kawiri. Tsono musanene kuti ndiyambe ndakonzeka, ndiyambe ndalimba. Mtsikana uja anatero, ndipo pakhonde paja sanakaimbepo. Koma kwa inu, amene mukufuna kumuimbirayo akadali pa mpando wa kutsogolo, khutu atalozetsa kwa inu. Zimitsani makinawo.