Mlenje Amene Anafula Galu Wotchuka

Panali munthu wina, mlenje, amene ankakhala m'tsinde mwa phiri, pafupi ndi dambo la bango. Munda wake unali waung'ono, ndipo ndiwo za pakhomo pake zinkachokera kutchire. Mfuti analibe. Chuma chake chinali mkondo, chibonga ndi agalu.

Agalu ake akale atakalamba n'kutha, anatsala ndi ana agalu awiri, onse aamuna, obadwa mimba imodzi. Wina anali wofiira, wa miyendo italiitali, ndipo anamutcha Mphezi. Winayo anali wakuda, wamfupi, wa makutu ogwa, woyenda ngati wasenza katundu wa eni. Ameneyu anamutcha Tsalani, chifukwa kulikonse kumene ankapita ankafika pomalizira.

Ali aang'ono ankagona mutu pamsana pa mnzake. Atakula, chibale chinatha. Galu wamkazi akangodutsa kuseri kwa nkhokwe, pabwalo pankabuka nkhondo. Anaswa mtsuko, anabalalitsa nkhuku yofungatira, ndipo tsiku lina Tsalani anatuluka m'fumbi khutu litang'ambika.

Mkazi wa mlenjeyo anatopa nazo. Anati, "Bambo, atambala awiri salira m'khola limodzi. Fulani mmodzi. Akaphana awa, tidzadya chisoso chaka chonse."

Mwamunayo anadziwa kuti mkazi wake akunena zoona, koma nkhaniyo inamulemera. Galu amene akanamusiya wosafula ndiye akanakhala tate wa agalu ake onse mpaka iye kukalamba. Ndipo chimene mpeni wachotsa sichimeranso.

Anthu a pamudzi sanaone chovuta chilichonse. Mlamu wake, munthu wodziwa zonse ngakhale sanaphepo ndi gologolo yemwe, anabwera kudzamuthandiza nzeru.

"Alamu, mukuganizanso chiyani apa? Fulani Tsalani akadali wanthete, bala lipole msanga. Mbewu ndi Mphezi. Ine nkhuku ya mwana wake ndasunga kale."

Kumeneko mwana wa galu ankasinthanitsa ndi nkhuku, ndipo mabanja angapo anali atalonjeza kale zawo chifukwa cha miyendo ya Mphezi.

Mlenje anayankha kuti, "Ndamva, alamu. Koma awa sindinawaone akusaka chilimwe chathunthu. Tchire liyambe lapsa."

Choncho anamanga wina kuseri kwa nyumba, wina pafupi ndi khola la mbuzi, n'kudikira. Kudikirako sikunali kokoma. Agalu ankauwana tsiku lonse, mkazi ankang'ung'udza, ndipo pamowa anthu ankati mlenje wathu amaopa magazi. Iye ankangoseka nawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Udzu unauma, anthu anatentha tchire, ndipo uzimba unayamba.

Tisamunamizire Mphezi, galu uja ankathamanga. Gwape akavumbuluka poyera, pa lupsa, zinkatha anthu asanakweze n'komwe zibonga. Dzina lake linawoloka mtsinje. Mbuye wake ankayenda chifuwa chili patsogolo, ndipo mumtima anali atayamba kale kumutsanzika Tsalani. Pajatu Tsalani ntchito yake inali kununkhiza chitsa chilichonse ngati wataya singano. Akapeza kanthu ankangoima n'kumauwa, ndi mawu osasa osakoma m'khutu.

Koma kunali masiku ena oipa, makamaka akalowera kudambo. Mphezi ankalowa m'bango, n'kukhala ziii, n'kutuluka patapita nthawi opanda kanthu. Masiku otero mlenje ankabwerera chimanjamanja, n'kumati nyama za m'bango n'zochenjera.

Amene anaona chinthu ndi mkazi uja, poti ndiye ankawapatsa agaluwo chakudya.

"Bambo, mwaona? Tsiku limene mwabwera opanda kanthu, Tsalani amanyambita mbale mpaka kuigubuduza. Mphezi amangonunkhiza, n'kukagona mimba ili ngati ng'oma. Kodi galu amakhuta mphepo?"

Mlenje anamvetsa. Mawuwo anamubaya, chifukwa Mphezi ndiye anali galu wake wapamtima.

Ulendo wotsatira, galuyo atalowa m'bango, mbuye wake sanadikire panja monga mwa masiku onse. Anatsamira mkondo pamtengo, n'kukwawa mwakachetechete m'kanjira ka nyama. Anamupeza atagona pa malo ouma, ntchenzi yonona ili pakati pa miyendo, theka itapita kale. Anamuitana dzina. Mphezi anadzutsa mutu, n'kumuonetsa mano munthu amene anamulera ndi phala.

Apo zonse zinamveka. Chogwira poyera, pamene pali maso a anthu, Mphezi ankapereka. Chogwira m'bango chinali chake.

Mlenje anatuluka m'dambo mtima uli wowawa. Ali chiimire, anamva mawu osasa aja akuchokera kutali, kumathithi a m'mbali mwa phiri. Ankamveka, n'kuleka, n'kumvekanso. Anathamangira komweko. Anapeza Tsalani atapanikiza gwape pakati pa miyala, pamalo poti palibe munthu akanamuona. Gwapeyo anali atamuponda kumaso, mphuno ikuchucha magazi, koma galu sanachoke ndipo sanadye. Ankangotchinga njira, n'kumacheukira kumene mbuye wake akanatulukira. Atamuona, mchira unayamba kugwedezeka mpaka thupi lonse linagwedezeka nawo.

Munthu uja anaseka mpaka misozi. Chimwemwe chinamugwira chifukwa anaona mmene analambalalira dzenje limene mudzi wonse unkamukankhiramo. Tsiku limenelo Tsalani anadya chiwindi.

Ngakhale apo sanapupulume. Anadikira kuti uzimba uthe, galu apeze nthawi yopola. Kenako, tsiku limene mlangizi wa ziweto ankabwera kudibi, anatenga chingwe, n'kumanga Mphezi m'khosi, n'kudutsa naye pakati pa mudzi dzuwa likuswa mtengo.

Mlamu uja anamuthamangira, nsapato ili kumanja.

"Alamu, kodi maso ayamba kuvuta? Amene mwamangayu ndi Mphezi."

"Ndikumuona, alamu. Liwiro lake ndikulifuna. Ana ake ayi."

Ndipo anapitirira.

Nkhuku zolonjezedwa zija zinabwerera m'makola mwa eni ake. Anthu anaseka, anati mlenje wadula mango n'kusiya mpoloni. Mphezi anapola bwinobwino. Ndewu inatha pabwalo, galuyo ananenepa pang'ono, koma miyendo inali yomwe ija. Tsalani anabereka ana mwa galu wina wa kutsidya, ndipo mlenje anatengako atatu. Anali akuda, aafupi, makutu ogwa, oti mlendo sakanawayang'ana kawiri. Koma mphuno ndi pakamwa anatengera atate awo.

Musaganize kuti kufula kunamuchotsa Mphezi umbombo. Mpeni suchita zimenezo. Chilimwe chimene anawo analowa uzimba, Mphezi analowanso m'bango monga kale, anagwira ntchenzi, nagona pansi kuti ayambe phwando. Asanalume kawiri, ana a Tsalani anali atafika motsata fungo. Anamuzungulira, n'kuyamba kuuwa onse pamodzi, osaleka mpaka mbuye wawo atatulukira. Anayesa bango lina, zomwezo. Anayesa kuphanga, zomwezo. Pomaliza Mphezi anagonja, naphunzira kudikira matumbo pamodzi ndi anzake.

Kuyambira pamenepo, wothamanga ankagwira, oitana ankaitana, ndipo nyama inkafika kunyumba. Dambo limene kale linkabweza mlenje chimanjamanja ndilo linayamba kudyetsa banja. Pakhomo pankanunkhira utsi wa nyama yowamba, ana a oyandikana nawo ankapeza zifukwa zodzapempha moto, ndipo madandaulo a mkazi uja anasintha. Tsopano ankati, "Bambo, mchere watha. Uzani agalu anuwo apumeko mawa."

Mlenjeyo anakalamba ndi agalu a mtundu wa Tsalani, ndipo sanadyepo chisoso chifukwa chosowa.

Tsono inu abale anga, posachedwapa musankha munthu woti aziphunzitsa ana athu. Ndikudziwa kuti mayina ena akumveka kale, ndipo ndi a anthu aluso ndithu. Musawataye, liwiro lawo tikulifuna. Apatseni ntchito, ndipo muwaike pakati pa anzawo oona mtima, adzatithandiza. Koma amene mumupatse ana ndiye khalidwe lake lidzachulukane pakati pathu, ndipo mukadzazindikira mochedwa simudzatha kubweza. Musafulumire chifukwa anthu akukusekani. Zapoyera mwaziona kale, tonse tinaomba m'manja. Musanasankhe, kamuoneni munthuyo m'bango.