Tcheni Yodzimanga Yokha

Pa msewu umene ankakhala Indedi panali amakaniko awiri a njinga zamoto, wina kumtunda, wina kumunsi pafupi ndi mlatho, ndipo tsoka lake linali lakuti onsewo anali abale ake. Wa kumtunda anali apongozi ake, bambo a mkazi wake. Wa kumunsi anali amalume ake, amene anamulera. Akuluakulu awiriwa sankamwerana madzi. Nkhani yake inali ya sipanala ina imene inabwerekedwa kalekale osabwezedwa, ngakhale aliyense ankalumbira kuti wobwereka anali mnzakeyo.

Dzina lakuti Indedi anamupatsa ndi anzake chifukwa pakamwa pake sipankatuluka ayi. Ukamuuza kuti kunja kwatentha, indedi. Wina akabwera n'kunena kuti kwazizira, indedinso. Ntchito yake inali yogawa buledi m'magolosale m'mawa uliwonse, makireti atasanjikizana kumbuyo kwa njinga mpaka kupitirira mutu wake. Banja lonse linkadyera pamenepo. Koma mayi wa bekare kumene ankatenga bulediyo, munthu wosadziwa kuseka m'mawa, anali atamuchenjeza kale.

"Mukadzachedwanso, ntchitoyi ndipatsa wina. Anthu sadikira buledi tiyi atazizira."

Ndiye njinga itayamba kulira kuti wuuu chapansi, pafupi ndi phazi lamanzere, Indedi anagwidwa mantha ndithu. Tsiku lomwelo anakhotera kwa apongozi, makireti ali odzaza.

Apongoziwo sanali opupuluma. Analiza injini, anatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga n'kuigunditsa pamutu pa injini, chogwirira n'kuchiika kukhutu. Anamvetsera atatsinzina.

"Kumtunda kuno kulibe mlandu," iwo anatero. "Katikitiki aka ndi ka mavavu, kasiyeni. Vavu yolira pang'ono ndiye yamoyo. Tazungulirani pabwalopa ndimve."

Indedi anazungulira. Akaima, phokoso lija zii. Akayenda n'kuwonjezera moto, wuuu. Apongozi anamuuza kuti asatsike, anagwada, n'kukankha tcheni ndi chala. Inali gwa.

"Mwaona? Katundu akalemera tcheni imakungika, ndiye ikukoka beringi ili kuseri kwa sipuloketi yaing'onoyi, pamene magiya amaperekera mphamvu. Ndiimasula. Muyende masiku angapo, phokoso likapanda kusiya titsegula tisinthe beringiyo. Koma wina asaigwire."

"Indedi, bambo."

Masana, makireti ali opanda kanthu, njira yake yobwerera kunyumba inali ya kumlatho, ndipo munthu sungadutse pakhomo pa amene anakulera ngati ukudutsa pa chitsa. Anaima kuti apereke moni. Amalume sanayankhe n'komwe moniwo, maso anali kale pa tcheni.

"Iwe, tcheni ikulendewera ngati chingwe choyanikapo zovala chonchi, ukufuna idzavuke ikuthyole mwendo? Wakumasulira ndani?"

Apa mpamene panafunika mawu ochepa chabe. Koma kutchula apongozi m'galaja imeneyo kunali kuponda mchira wa galu wogona. 

"Yangomasuka yokha, amalume."

Amalume anaikunga bwinobwino, njinga ili yopanda katundu, monga ankachitira ndi njinga zonse. Nawonso khutu anali nalo. Atayendapo pang'ono anati akumva ngati kaberingi kakudandaula, koma ayambe aona ngati tcheni ikhazikike. "Ndipo usakaipereke kwa anthu ena ongodziwa kutsinzina," anawonjezera.

"Indedi, amalume."

Indedi atapitanso kumtunda, apongozi anakankha tcheni ndi chala. Anavula magalasi, anawapukuta, anakankhanso.

"Ndakalamba ndi ntchito imeneyi," iwo anatero pang'onopang'ono. "Tcheni yomasuka yokha ndaionapo kambirimbiri. Koma yodzimanga yokha, iyi ndi yoyamba."

"Mwina ndi dzuwali, bambo," anatero Indedi, akuyang'ana nkhuku imene inkadutsa.

Munthu waulemu sanena mpongozi wake kuti wabodza. Mkuluyo anaganiza kuti mwina sipuloketi yadyeka mbali imodzi, moti tcheni ikukungika pena n'kumasuka pena. Anaichotsa, anaika yatsopano, anamasulanso tcheni. Za beringi anati zidikire kaye, matenda awiri sachizidwa tsiku limodzi.

Amalume atapeza tcheni ikulendeweranso anapsa mtima, osati ndi mphwawo koma ndi manati omangira tcheniyo. Anati mazinga ake atha, n'chifukwa chake akubwerera m'mbuyo. Anaika ena atsopano, awiriawiri mbali iliyonse, n'kumanga ndi mphamvu zawo zonse. Nawonso za beringi anati zidikire.

Zinapitirira choncho. Kumtunda akumasula, kumunsi akumanga, aliyense akuchiza matenda obwera ndi mnzake, mwini matenda weniweni ali phee kuseri kwa sipuloketi, akudyeka. Indedi anafika pozolowera, mwinanso kunyadira kumene. Amakaniko awiri, onse aulere, onse omukonda. Anzake akamufunsa za phokosolo, lomwe tsopano linali litasanduka kukukuta, ankati njinga yake ili ndi madokotala awiri ngati bwana.

Mkazi wake yekha ndiye ankadziwa zonse, ndipo sizinkamusangalatsa. "Bambo a mwana, sankhani mmodzi, winayo mukamuuze zoona. Akwiya lero, mawa aiwala."

"Indedi," anatero mwamunayo, n'kupitiriza monga kale.

Tsiku la tsoka linafika ndi mitambo. Dzulo lake tcheni inali itagona m'manja mwa amalume, ndipo m'mawawo mayi wa bekare anawonjezera makireti chifukwa kunali oda yaikulu ya kusukulu. Indedi atafika pakati penipeni pa msewu uja, kumtunda kutali, kumunsi kutali, pansi panamveka khotyo. Beringi inaphwanyika, oilo n'kuyamba kuchucha, sipuloketi n'kupendama, tayala lakumbuyo n'kukana kuzungulira. Mvula nayo inati ndafika.

Anaimbira amalume. Kenako anaimbira mkazi wake kuti athamangire kubekare akapepese. Mkaziyo anathamangadi, koma ali m'njira anaimbira bambo ake. Kaya anachita dala kaya ndi mantha, iye yekha ndiye akudziwa.

Akuluakulu aja anafika nthawi imodzi, wina kuchokera uku wina uko, aliyense ndi bokosi la zitsulo ndi ambulera. Sanapatsane moni. Anagwada, wina mbali iyi wina mbali iyo.

"Sipuloketi yatsopanoyi waika ndani?" anafunsa amalume.

"Ndine," anayankha apongozi. "Nanga manati awiriawiriwa?"

"Ndine."

Anayang'anana. Kenako onse anatembenukira kwa Indedi, amene anali ataima madzi akutsika m'khosi, akuyesa kuphimba buledi ndi jekete.

"Ndiye inu ndi amene mumamasula," anatero amalume.

"Ndimayeza munthu ali pampando, katundu ali kumbuyo. Inu mumayeza bwanji?"

"Amabwera kwa ine wopanda katundu. Akanandiuza kuti mwamasula dala chifukwa cha beringi, bwenzi nditaisintha tsiku lomwelo. Ndinaimva."

"Inenso ndinaimva. Koma ndinatanganidwa ndi tcheni yodzimanga yokha. Mphwanuyu anati ndi dzuwa."

Amalume anayesa kudzigwira koma zinakanika. Anayamba kuseka mpaka kukhala pansi m'matope, apongozi nawo n'kumapukuta misozi kuseri kwa magalasi. Anthu amene anabisala mvula m'makonde anadabwa kuona adani a zaka zambiri akugwirana mapewa. Indedi anaona ngati mwayi wake wabwera.

"Ndiye poti mwagwirizana, mwina mungandithandize msanga, buledi asanafike poipa."

Apongozi anatseka bokosi lawo. "Ine sindingalande wodwala wa amalume anu. Si ulemu."

"Inenso sindingalowerere ntchito ya apongozi ako," anatero amalume. "Ndinakulera bwino, ukudziwa zimenezo."

Ananyamuka limodzi kulowera ku tiyirumu ya tsidya la msewu, ndipo anthu anawamva akukambirana za sipanala ija, kuti mwina anaitenga ndi munthu wina wachitatu.

Indedi anavula tcheni yekha, manja akuterera, kuti tayala lizungulire, n'kuyamba kukankha. Anakankhira kumtunda pang'ono, anaima, anatembenuka, anakankhira kumunsi, anaimanso, poti konseko eni ake anali akumwa tiyi. Pamene ankafika kubekare dzuwa lili pamutu, buledi anali atasanduka phala, ndipo pakhomo panali pataima njinga ina, mwini wake akumangirira makireti. Mayi uja sanakalipe. Anangotenga makireti ake n'kunena kuti, "Mwamva kale zimene ndinanena."

Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, indedi anamukanika kutuluka. Anabwerera kunyumba akukankha njinga yakufa, madzi akulira m'nsapato, ndipo mkazi wake anamulandira ndi thaulo. Paja akuluakulu ananena kale: mapanga awiri avumbwitsa.