Ukonde umene a Stuckey anachoka nawo

Pakoleji yathu yaing'ono ya ku Indiana, pakati pa minda ya chimanga, a Orrin Stuckey anaphunzitsa timu ya basiketibo zaka khumi ndi zinayi. Anayamba ndi kunyamula mipira ndi matawulo, mpaka anakhala kochi wamkulu. Pakamwa pawo panali pokoma. Akakhala pabalaza pa makolo a mnyamata waluso, makolowo ankapereka mwana wawo mosanyinyirika.

Umu ndi mmene anapezera Wendell Akers. "Mayi, musade nkhawa," anatero kwa mayi ake a Wendell, dzanja lili pachifuwa. "Zaka zinayi zonse ndikhala naye. Tsiku lolandira digiri ndidzakhala pambali panu."

M'chaka chachiwiri cha Wendell, timuyo inatenga chikho. Mwa mwambo wake, anaimika makwerero pansi pa golo, wosewera aliyense n'kukwera kukadula kachingwe kamodzi ka ukonde. Kochi ndiye amamaliza, ndipo ukondewo umakaikidwa m'kabati yagalasi ya pasukulu. A Stuckey anaudula n'kuukoleka m'khosi, koma kukabati sunafike.

Sabata isanathe, yunivesite ina yaikulu ya ku Texas inawakodola. Kupitako sikunali kulakwa, makochi onse amakwera motero. Koma wochoka amasonkhanitsa anyamata ake m'chipinda chovalira, n'kuwatsanzika akuwayang'ana m'maso. A Stuckey anaona kuti n'kutaya nthawi.

"Bambo, kawauzeni nokha anawa," anatero akazi awo, a Darlene.

"Ndikalire nawo maliro a ndani? Akamva pa wailesi."

Anamvadi pa wailesi. Anamvanso kochi wawo akuseka ndi atolankhani: "Ndatopa kukankha wilibala, tsopano andipatsa galimoto." Osewera awiri odalirika anapita nawo. Wendell, amene bondo linali litayamba kumuvuta, anamusiya. Kunena zoona, mawu a wilibala aja anatiwawa kuposa kuchokako.

Ku Texas samudikira munthu. Atagonja zaka zitatu zotsatizana, anawachotsa ntchito. Anakakhala wothandizira ku Kansas, kenako ku Nevada, sukulu iliyonse yocheperapo kuposa yoyamba. A Darlene anatopa ndi kulongedza makatoni, n'kubwerera kwa achemwali awo ku Indiana. Imvi zitati mbuu, a Stuckey analibenso timu, foni osalira ngakhale tsiku limodzi. Ndiye anamva kuti kukoleji yathu akufuna kochi. Anadziwa kuti akaphonya pamenepa, ntchito ndi banja zathera pomwepo.

Anafika m'mawa wozizira, atanyamula kajumbo. Mkulu wa zamasewera, amene amalemba makochi ntchito, anali Wendell yemwe uja, tsopano bambo wa ana atatu.

"Wendell mwana wanga, koma wanenepatu," anatero a Stuckey, kuseka kukuwakanika.

"Khalani pansi, Kochi."

Anatulutsa ukonde uja m'kajumbo, utasanduka wachikasu. "Ndabweza katundu wanu. Ndinalakwa. Ndikungofuna kubwerera kwathu."

Wendell anaugwiragwira kwa nthawi. "Tsiku la digiri lija, amayi anakusungirani mpando. Anaikapo chikwama chawo, aliyense wofuna kukhalapo n'kumubweza. Ankati munthu uja analonjeza, akubwera. Mwambo unatha chikwama chili pomwepo."

"Ali bwanji masiku ano?"

"Tinawaika chaka chatha."



"Ukondewu tilandira, ndi wathu," anapitiriza Wendell, mawu ali pansi. "Chakukhosi ndilibe. Koma kochi amene ndimulembe ntchito azikakhala pabalaza pa azimayi ena, dzanja pachifuwa. Sindingakutumeni inu."

Potuluka anadutsa pa kabati ija. Pambali pa chikho panali kambedza kopanda kanthu, kamene kanadikira zaka zonsezo. Masana omwewo ukonde unalowa m'malo mwake. A Stuckey, amene anaudula, anakhala m'galimoto panja, makiyi ali m'manja, osadziwa kolowera. Zinali zomvetsa chisoni, koma akuluakulu ananena kale: ukachoka usamatseke ndi mwala, koma ndi mayani, masamba aja osavuta kuchotsa pobwerera.